Ndalama za Ana Aulumali Zizilondoleka: Phunziro Lochokera ku Sukulu za ku America

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa makomiti a chitukuko ndi makomiti a sukulu a m'mawodi



Nkhani ya lero ndi ya ndalama zimene boma limapatula n'cholinga choti mwana waulumali aphunzire monga anzake. Ndalama zamtunduwu zimasokonekera mosavuta kuposa zina zonse. Denga la kalasi likapanda kukhomedwa, mudzi wonse umaona ndipo umafunsa. Koma mwana wosamva akatha chaka chathunthu popanda mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja, amene amadziwa ndi mwanayo ndi makolo ake okha. N'chifukwa chake khonsolo yaona kuti n'koyenera kufotokozera anthu a m'mawodi mmene dziko la United States of America lakhala likulondolozera ndalama zoterezi kuyambira m'chaka cha 1975. Dzikoli lasankhidwa chifukwa linalemba malamulo omveka bwino pa nkhaniyi, komanso chifukwa malamulowo atasweka, zolakwazo zinaululika poyera. Akuluakulu anati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa.

Chaka cha 1975 chisanafike, ana aulumali oposa 1 miliyoni ku America sankaloledwa n'komwe kulowa m'sukulu za boma, ndipo ena ambiri ankangokhala m'kalasi popanda thandizo loyenera. Yankho la akuluakulu a sukulu linkakhala lakuti ndalama palibe. Kusintha kunayambira kwa makolo amene anatengera nkhaniyi kukhoti. M'chaka cha 1972, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Mills, wokhudza ana 7 amene anakanizidwa maphunziro mumzinda wa Washington, woweruza Joseph Waddy anagamula kuti kuchepa kwa ndalama si chifukwa chotsekera mwana waulumali kunja kwa sukulu. Ngati ndalama zachepa, zochepazo zigawidwe mwachilungamo, kuti kuperewerako kusagwere ana aulumali okha. Patapita zaka 3, pa 29 November 1975, Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo lopatsa ana onse aulumali ufulu wa maphunziro. M'chaka cha 1990 lamuloli linapatsidwa dzina la Individuals with Disabilities Education Act, mwachidule IDEA, ndipo linakonzedwanso m'zaka za 1997 ndi 2004.

Lamuloli limalonjeza zinthu zingapo. Mwana waulumali ayenera kulandira maphunziro aulere ogwirizana ndi zosowa zake. Mwana aliyense ayenera kukhala ndi ndondomeko yakeyake yolembedwa, imene aphunzitsi amakonza limodzi ndi makolo ndi kuiunikanso kamodzi kapena kuposerapo pa chaka. Mwanayo ayenera kuphunzira pamodzi ndi anzake opanda ulumali paliponse pamene n'kotheka. Pomaliza, akuluakulu a sukulu ali ndi udindo wofunafuna ana amene akufunika thandizo ndi kuwayeza, osadikira kuti makolo adzachite kugogoda. M'chaka cha maphunziro cha 2022/2023, ana ndi achinyamata pafupifupi 7.5 miliyoni a zaka 3 mpaka 21 ankathandizidwa pansi pa lamuloli, kutanthauza ophunzira 15 mwa 100 alionse a m'sukulu za boma.

Kuti nkhani ya ndalama imveke, m'pofunika kudziwa mmene dzikolo linagawidwira. America ili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nthambi yake ya maphunziro. M'kati mwa zigawozi muli madera oyendetsa sukulu oposa 13,000, ndipo ambiri mwa iwo amatsogozedwa ndi mabodi osankhidwa ndi anthu a m'deralo. Boma lalikulu la ku Washington limatumiza ndalama za maphunziro a ana aulumali ku zigawo, zigawo n'kuzigawira madera a sukulu. M'chaka cha 2023 ndalamazi zinali pafupifupi madola 14 biliyoni. Ngakhale zikumveka zambiri, ndi gawo lochepa chabe la zimene zimafunika. Nyumba ya malamulo ya dzikolo, Congress, inalola kuti pa mwana aliyense waulumali boma lalikulu lizipereka mpaka 40 peresenti ya ndalama zimene dziko limagwiritsa ntchito pa wophunzira mmodzi, koma zaka zambiri zopereka zake sizifika ngakhale pa theka la mlingowu. Katundu wamkulu amasenza ndi zigawo ndi madera eni ake, kuchokera pa misonkho ya anthu awo. Chotero ndalama za boma lalikulu zimabwera ngati zowonjezera, ndipo zimabwera ndi malamulo okhwima oteteza kuti zikhaledi zowonjezera.

Lamulo loyamba ndi lakuti ndalamazi zizilipira zinthu zokhazo zimene mwana waulumali amafuna pamwamba pa zimene mwana wina aliyense amalandira. Dera la sukulu liyenera kuyamba lagwiritsa ntchito pa mwana waulumali ndalama zofanana ndi zimene limagwiritsa ntchito pa wophunzira wina aliyense. Likatero m'pamene lingatenge ndalama za IDEA kulipira mphunzitsi wa luso lapadera, katswiri wothandiza mwana kulankhula, mabuku a zilembo za Braille, kapena galimoto yotha kunyamula mwana ali pa njinga yake. Desiki, choko ndi mphunzitsi wa kalasi yonse ndi zoyenera mwanayo chifukwa choti ndi wophunzira, ndipo n'kulakwa kuzilipira ndi ndalama za ulumali.

Lamulo lachiwiri limaletsa kuchotsa dzanja lako chifukwa choti mnzako waikapo lake. Dera la sukulu liyenera kuika pa maphunziro a ana aulumali ndalama zake zosachepera zimene linaika chaka chapitacho. Mwachitsanzo, ngati chaka chatha dera lina linaika madola 2 miliyoni a m'thumba lake, silingaike madola 1.5 miliyoni chaka chino n'kutseka mpatawo ndi ndalama za ku Washington. Pakanapanda lamuloli, ndalama za ana aulumali zikanalowera khomo lakutsogolo, zofanana nazo n'kutulukira khomo lakumbuyo kukamanga bwalo la mpira, ana osaona kusintha kulikonse. Zifukwa zololeza kuchepetsa zilipo koma n'zowerengeka: ngati ana aulumali achepa m'deralo, ngati mphunzitsi wa malipiro okwera wapuma pa ntchito, ngati mwana amene thandizo lake linali lokwera mtengo kwambiri wasamuka kapena wamaliza sukulu, kapena ngati ntchito yaikulu yogula katundu wokhalitsa yatha. Dera likachepetsa popanda chifukwa chovomerezeka, chigawo chimayenera kubweza ndalama ku boma lalikulu, ndipo sichiloledwa kubweza pogwiritsa ntchito ndalama zina za boma lalikulu lomwelo. Nachonso chigawo chingathe kukazitenga ku dera lolakwalo.

Lamulo lachitatu ndi la umboni. Chilichonse chogulidwa chiyenera kukhala chofunikadi, cha mtengo woyenera, ndiponso chokhudzana ndi ntchito imene ndalamazo zinaperekedwera. Ngati wantchito amalipidwa ndi ndalama za IDEA, payenera kukhala zolembedwa zoonetsa kuti nthawi yake anaithera pa ana aulumali. Ngati amagwira ntchito ziwiri, thumba lililonse lilipire gawo lake lokha. Katundu wokwera mtengo amalembedwa m'kaundula woonetsa nambala yake, mtengo wake, malo amene ali ndi mmene alili, ndipo kamodzi pa zaka 2 zilizonse munthu amayenera kupita kukamuona ndi maso n'kuyerekeza ndi zolembedwazo. Malisiti ndi mapepala ena onse amasungidwa kwa zaka zosachepera 3.

Lamulo lachinayi ndi la nthawi. Ndalama za chaka chilichonse zili ndi miyezi 27 yoti zigwiritsidwe ntchito, ndipo zotsala zimabwerera ku thumba la boma lalikulu. Pamenepa pali phunziro limene anthu ambiri saliganizira. Kusunga ndalama ku banki pamene mwana akudikira chipangizo chomuthandiza kumva ndi kulephera ntchito, ngakhale palibe amene wabapo kanthu. Zaka za ubwana sizidikira; madzi akatayika saoleka.

Malamulo paokha sagwira ntchito ngati palibe owalondoloza, ndipo ku America maso oyang'anira ndalamazi ali pa magawo angapo. Poyamba pali ofesi ya zachuma ya dera lenilenilo pamodzi ndi bodi imene imavomereza bajeti pa misonkhano imene anthu wamba amaloledwa kukhalapo. Kenako pali akatswiri ounika mabuku a ndalama ochokera kunja. Bungwe lililonse limene lagwiritsa ntchito ndalama za boma lalikulu zokwana madola 1 miliyoni pa chaka liyenera kuunikidwa ndi akatswiriwa; mwezi wa October 2024 usanafike, malirewa anali madola 750,000. Pamwamba pa iwo pali chigawo, chimene chaka chilichonse chimayesa dera lililonse n'kuliika m'gulu limodzi mwa magulu 4: lokwaniritsa zofunika, lofunika thandizo, lofunika kulowererapo, kapena lofunika kulowererapo kwakukulu. Chigawo chimayeneranso kufalitsa chaka ndi chaka mmene dera lililonse lachitira, kuti aliyense awerenge. Cholakwa chikapezeka chiyenera kukonzedwa chaka chisanathe, ndipo dera louma khosi lingathe kuimitsidwa kulandira ndalama. Boma lalikulu nalo limayesa zigawo pa muyeso wa magulu 4 omwewo. Pomaliza pali makolo. Munthu aliyense kapena bungwe lililonse lingalembe dandaulo ku chigawo, ndipo chigawo chiyenera kufufuza ndi kupereka yankho lolembedwa pasanathe masiku 60.

Womva zonsezi angaganize kuti palibe mpata woti zinthu zilakwike. Zimene zinachitika m'chigawo cha Texas zikuonetsa kuti mpata unalipo, ndipo unali waukulu. M'chaka cha 2004, nthambi ya maphunziro ya chigawochi inaika muyeso woti dera la sukulu limene ana olandira maphunziro apadera apitirira 8.5 peresenti ya ophunzira onse lizionedwa ngati silikuchita bwino. Panthawi imene nkhaniyi inaululika, m'dziko lonse la America chiwerengerochi chinali pafupifupi 13 peresenti. Akuluakulu a madera, poopa kudzudzulidwa, anayamba kuchedwetsa kuyeza ana ndi kubweza makolo. Chiwerengero cha ana othandizidwa ku Texas chinatsika kuchoka pa 11.6 peresenti m'chaka cha 2004 kufika pa 8.6 peresenti m'chaka cha 2016. M'chigawo cha ophunzira oposa 5 miliyoni, kutsika kotereku kukutanthauza ana zikwi zambirimbiri.

Kwa zaka 12 muyesowu unagwira ntchito popanda woutsutsa mwamphamvu. Amene anaulula ndi nyuzipepala ya Houston Chronicle m'chaka cha 2016, mtolankhani wake Brian Rosenthal atacheza ndi makolo ndi aphunzitsi ambiri. Zitatero, akuluakulu a boma lalikulu anapita ku Texas kukachititsa misonkhano yomvera anthu, ndipo makolo anafotokoza okha zimene ana awo anakumana nazo. M'chaka cha 2017 nyumba ya malamulo ya chigawocho inaletsa muyesowu, ndipo mu January 2018 unduna wa maphunziro wa ku Washington unalengeza kuti Texas inaphwanya lamulo la IDEA polephera kupeza ndi kuyeza ana onse oyenera thandizo. M'chaka chomwecho, khoti la apilo linagwirizana ndi undunawu pa nkhani ina: Texas inali itachepetsa ndalama zake za maphunziro a ana aulumali ndi madola 33.3 miliyoni m'chaka cha 2012, ponena kuti zosowa za ana zinachepa. Khoti linakana chifukwa chimenechi, ndipo chilango chake chinali kudula ndalama zofanana pa thandizo la chigawocho.

Phunziro la ku Texas ndi lakuti mabuku a ndalama angathe kukhala olongosoka pamene ana akumanidwa. Wounika mabuku amafunsa ngati lisiti likugwirizana ndi ndalama zimene zatuluka. Mwana amene sanalembedwe n'komwe m'kaundula sapezeka pa lisiti lililonse, chotero wounikayo sangamuone. Amene angamuone ndi kholo lake, mphunzitsi wake, mfumu ya m'mudzi mwake ndi mnansi wake. Kulondoloza ndalama za ana aulumali kumafuna maso awiri: lina pa mapepala, lina pa ana eni ake. Ndipo chilango cha ndalama chimabwera mochedwa. Mwana amene anali ndi zaka 6 m'chaka cha 2004 anali ndi zaka 20 pamene boma lalikulu linkalengeza chigamulo chake.

Malamulo amene afotokozedwawa ndi a ku America, ndipo sagwira ntchito ku Malawi. Komabe kayendedwe ka ndalama kakufanana m'mbali imodzi yofunika: ndalama zimachokera ku boma lalikulu, zimadutsa pa ofesi ya m'dera, n'kukathera pa sukulu. Kuyambira pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono zinakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, maphunziro a pulayimale ndi imodzi mwa ntchito zimene zinaperekedwa ku makhonsolo. Sukulu za pulayimale zimalandira ndalama za School Improvement Grant, zimene zimayenera kugwiritsidwa ntchito potsata ndondomeko yotukulira sukulu yokonzedwa limodzi ndi anthu a m'deralo. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo m'chaka cha 2009 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Aphunzitsi a luso lapadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zosungidwa ndi maofesi a boma linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Maziko alipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wofunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera.

Funso loyamba limene komiti ya sukulu ndi komiti ya chitukuko ziyenera kufunsa ndi la chiwerengero. M'midzi yozungulira sukulu muli ana angati aulumali a msinkhu wopita ku sukulu, ndipo mwa iwo ndi angati ali m'kalasi? Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiko kukula kwa ntchito imene yatsala. Mafumu, magulu a amayi a pa sukulu ndi alangizi a zaumoyo amadziwa makomo amene muli ana otere. Ana amene ulumali wawo suonekera msanga, monga ovutika kumva, ovutika kuona pa bolodi kapena ochedwa kugwira zinthu m'kalasi, asaiwalidwe powerengapo.

Funso lachiwiri ndi la ndondomeko. Pokonza ndondomeko yotukulira sukulu, kodi makolo a ana aulumali anaitanidwa? Ndipo m'ndondomekomo mwalembedwa chiyani chokhudza ana awo, kaya ndi njira yopanda masitepe yolowera m'kalasi, chimbudzi chimene mwana wa pa njinga angalowemo, kapena mabuku a zilembo zikuluzikulu? Chinthu chimene sichinalembedwe m'ndondomeko n'chovuta kudzachifunsa pa mapeto a chaka.

Funso lachitatu ndi la thandizo lochokera kwa abwenzi. Bungwe lina likapereka njinga kapena zipangizo za ana aulumali, kodi sukulu kapena khonsolo yachotsa ndalama zimene inali itaika kale pa ana omwewo? Ngati yachotsa, ndiye kuti thandizolo lapindulira ena, ngakhale linabwera m'dzina la anawo.

Funso lachinayi ndi la umboni. Ndalama zimene sukulu yalandira ndi mmene zagwirira ntchito zizimatidwa poonekera, malisiti azisungidwa, ndipo katundu wogulidwa kapena wolandiridwa azilembedwa m'kaundula. Kamodzi pa chaka mamembala a komiti azitenga kaundulayo m'manja n'kukaona ngati katunduyo alipo, ngati akugwira ntchito, ndiponso ngati ali kwa mwana amene anamugulira. Makina olembera Braille otsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu amaoneka bwino m'kaundula, koma sanaphunzitse mwana aliyense.

Funso lachisanu ndi la madandaulo. Kholo lililonse liyenera kudziwa kokadandaula: kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, kwa khansala wa wodi, mpaka ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo. Ndi bwino dandaulo kulilemba, kuikapo tsiku, ndi kusunga pepala lina lofanana nalo. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma wotsekulayo asatengedwe ngati mdani wa sukulu. Ku America lamulo lonse la IDEA linabadwa chifukwa cha makolo amene anakana kubwerera kunyumba atauzidwa kuti ndalama palibe.

Mafunso amenewa sanapangidwe kuti akole aphunzitsi aakulu kapena ogwira ntchito ku khonsolo. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito ndi ndalama zochepa zimenenso nthawi zina zimafika mochedwa, ndipo kaundula wolongosoka amawateteza iwo eni ku mphekesera. Mphunzitsi wamkulu amene wamata pa khoma ndalama zonse zimene walandira sangathe kunenedwa kuti wadya zimene sanalandire. Chimene chigamulo cha 1972 chinanena ku Washington chikukhudza sukulu iliyonse yosauka: ndalama zikachepa, kuchepako kugawidwe kwa ana onse, kusagwere mwana waulumali yekha.

Pempho la khonsolo kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko ndi lakuti pa msonkhano wotsatira wa wodi iliyonse, nkhani ya ana aulumali ikhale pa mndandanda wa zokambirana, ndipo mafunso 5 amenewa afunsidwe pa sukulu iliyonse payokhapayokha. Ntchito iyambe ndi kuwerenga ana, chifukwa mwana amene sanawerengedwe sangaikidwe m'ndondomeko, ndipo amene sali m'ndondomeko ndalama sizingamufike. Mayankho alembedwe ndi kutumizidwa ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo kudzera kwa khansala wa wodi.